Zoyenera Kuchita Nkhawa Ikakusowetsani Tulo

Ambiri amafunsa kuti Mkhristu achite chiyani nkhawa ya ngongole, fizi ya ana kapena matenda ikamudzutsa pakati pa usiku.

Choyamba, dzukani mukhale tsonga m'malo momangotembenukatembenuka pogona, ndipo muitchule nkhawayo mwachindunji pamaso pa Mulungu. Pa Afilipi 4:6-7, Paulo, amene analemba kalatayi ali m'ndende, akulangiza kuti zopempha zathu zidziwike kwa Mulungu pamodzi ndi chiyamiko. Choncho nenani kuchuluka kwa ngongoleyo ndi tsiku loibweza, kenako muyamike chifukwa cha zomwe wakuchitirani kale, ngakhale zikhale zazing'ono ngati ufa womwe ulipo m'nyumba.

Mukatero, siyanitsani zomwe mungathe kuchita mawa ndi zomwe zili kunja kwa mphamvu zanu. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, chifukwa amafuna kuthetsa mavuto onse usiku womwewo. Zomwe mungathe muzilembe papepala, mwachitsanzo kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu kuti akuloleni kulipira fizi pang'onopang'ono. Zotsalazo muzitule kwa Mulungu monga 1 Petro 5:7 akunenera. Musanagonenso, werengani Mateyu 6:25-34 mofatsa.

Kukacha, fotokozerani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, kaya mkulu wa mpingo kapena mnzanu wa kumphakati, kuti mupemphere limodzi. Ngati kusowa tulo kwatenga masabata angapo, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, pitani kuchipatala msanga osazengereza, ndipo mupemphe wachibale akuperekezeni.