Kuulula za Ndalama ndi Maubale Musanatumize Kafukufuku ku Jenale ya Zachipatala

Kulandira thandizo la kampani ya mankhwala si mlandu. Vuto limabwera mukabisa, chifukwa owerenga sangathe kuyeza ngati zotsatira zanu zakondera amene anapereka ndalama.

Majenale ambiri amagwiritsa ntchito fomu yoululira izi ya ICMJE (komiti ya akonzi a majenale a zachipatala), ndipo wolemba aliyense amadzaza yake. Mkulu wa kafukufuku asadzazire anzake, sadziwa zonse zimene analandira. Fomuyi ili ndi mafunso 13. Loyamba ndi la thandizo la ntchito imene mukutumizayo, ngakhale linabwera kalekale. Otsalawo amabwerera m'mbuyo miyezi 36: magalanti, malipiro a uphungu, masheya, mipando ya m'mabodi ndi zina.

Ambiri amaphonya pa zinthu zimene saziona ngati ndalama. Tikiti ya ndege yopita kumsonkhano, hotela, alawansi, makina oyezera magazi amene labu yanu inapatsidwa ulere, zonsezi zilembedwe. Zigwirizane ndi zimene munauza NHSRC, komiti ya dziko yoona za kafukufuku wa zaumoyo, popempha chilolezo. Nenaninso ngati wopereka ndalama anatengapo gawo posanthula deta kapena polemba, ndipo musasaine kontrakiti yomupatsa mphamvu zoletsa kusindikiza zotsatira zosamukomera.

Kuno ku Lilongwe nkhani yovuta ndi ya owunika, akatswiri amene jenale imawapempha kuyeza pepala lisanasindikizidwe. Akatswiri a phunziro limodzi ndi ochepa, ndipo amadziwana. Woyenera kuwunika pepala la HIV kwa amayi oyembekezera mwina amagwira ntchito ndi wolembayo ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central, mwina anali mphunzitsi wake, mwinanso akulimbirana galanti imodzi. Chidani chimakhotetsa chiweruzo ngati chibwenzi. Mukapemphedwa kuwunika pepala la munthu amene munalemba naye limodzi posachedwapa, auzeni akonzi a jenale ndipo kanani. Pa izi majenale ambiri amabwerera m'mbuyo zaka zitatu. Mkonzi afune wowunika mmodzi wa kunja kwa dziko. Pepala likakhala lake, kapena la dipatimenti yake, alipereke kwa mkonzi wina, asaone ngakhale mayina a owunika.

Zobisika zikaululika pepala litatuluka kale, akonzi tsatirani malangizo a COPE, bungwe loona za khalidwe labwino posindikiza kafukufuku: funsani wolembayo m'kalata, kenako sindikizani chikonzo. Pepala limachotsedwa ngati zotsatira sizingadalirikenso. Jenale ya Lancet inachotsa mu 2010 pepala la Andrew Wakefield la mu 1998 lokhudza katemera wa MMR, woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri. Mwa zolakwa zake, sanaulule kuti ankalipidwa pa mlandu umene maloya ankakonzekera kusumira opanga katemerayo.