Yisiti yatha masiku? Iyeseni kaye musanaithire m'mowa

Tsiku lolembedwa pa paketi ya yisiti likadutsa, sikuti yonse yafa ayi. Yisiti ndi tizamoyo togona, ndipo timafa pang'onopang'ono. Ya paketi yosatsegula yosungidwa m'filiji imakhalitsa, pomwe yomwe yakhala m'kagolosale ka malata m'dzuwa la Okutobala imafooka msanga. Paketi yotsegula kale, yomwe yalowa mpweya ndi chinyontho kwa milungu, musavutike nayo.

Cholakwika chachikulu n'kuthira yisiti yotereyi mwachindunji m'chigubu cha malita 20. Tamoyo tikachepa, mowa umachedwa kuwira, ndipo pa nthawi yodikirayo mabakiteriya amalowerera n'kuuwawasitsa. Ichulukitseni kaye m'botolo laling'ono.

Yambani ndi kuidzutsa. Wiritsani madzi kuti tizilombo tife komanso kolorini wa madzi a pampopi achoke, kenako muwasiye azizire kufika madigiri 30 mpaka 35. Ngati mulibe choyezera, dontheza pamkono: akhale ofunda chabe, osaotcha. Kupitirira madigiri 40 yisiti imayamba kuvulala. Paketi ya magalamu 11 imafuna madzi mamililita 110. Wazani pamwamba, musatakase, vundikirani kwa mphindi 15, kenako takasani pang'ono ndi supuni yowiritsa. Shuga musathire panthawiyi, chifukwa khungu la yisiti youma likhala lisanalimbe, ndipo zotsekemera zikalowa mothamanga zimaipha.

Chakudya chake choyenera ndi madzi a chimera, osati shuga wa tiyi. Shuga yekha alibe michere yomanga tamoyo tatsopano, komanso yisiti yozolowera iye imachita ulesi ikakumana ndi shuga wa m'chimera. Sakanizani magalamu 150 a chimera cha mawere kapena mapira m'lita imodzi ya madzi otentha pafupifupi madigiri 65, vundikirani kwa ola limodzi, sefani ndi nsalu yoyera, wiritsani mphindi 15, ndipo ziziritsani kufika madigiri 20 mpaka 25. Pa gawo loyamba tengani kapu imodzi ya madziwa n'kuwonjezera kapu imodzi ya madzi owiritsa ozizira. Yisiti yofooka siipirira madzi otsekemera kwambiri, ili ngati wodwala amene mumamuyambitsa ndi phala lamadzimadzi. Poiphatikiza, kutentha kwa yisiti ndi kwa madziwo kusasiyane ndi madigiri opitirira 10.

Thirani m'botolo lagalasi lotsuka ndi madzi owira, lodzaza theka lokha. Pakamwa pake ikani nsalu yoyera kapena pepala la foyilo. Chonde musatseke ndi chitsekerero, mpweya ukachuluka botolo limaphulika. Ikani pamthunzi ndipo muzilikhutchumula nthawi ndi nthawi, chifukwa pa gawo ili yisiti imafuna mpweya kuti iswane.

Pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri, yang'anitsitsani. Yamoyo imaonetsa timathovu tokwera m'mbali mwa botolo, thovu lopyapyala pamwamba, madzi a mbuu, ndi nsenga zoyererako pansi. Fungo lake limakhala la buledi wosaphika. Mukaona izi, onjezerani madzi a chimera otsala aja osasungunula, omwe mwawiritsanso n'kuziziritsa, mudikirenso tsiku limodzi kapena awiri. Lita imodzi kapena awiri a yisiti yowira bwino chonchi akwanira malita 20 a mowa. Ithireni ikadali pachimake, kapena isiyeni idikhe m'filiji, mutaye madzi apamwamba n'kugwiritsa nsenga zokha.

Tayani zonse ngati papita masiku atatu popanda thovu, ngati mukumva fungo la viniga kapena la zowola, kapena pamwamba payala kakhungu koyera ngakhalenso nkhungu yaubweya. Kuwira kochedwa kotere nthawi zambiri sikukhala kwa yisiti yanu, koma kwa tizilombo tolowa kuchokera kunja, ndipo mukathira m'chigubu mwataya chimera, nkhuni ndi ntchito yonse. Botololo muliwiritse musanayesenso paketi ina.