Mmene mungaikire sola pa loji yaing'ono ya kunyanja

Jenereta ya dizilo imadya ndalama, imachita phokoso, ndipo mafuta ake akatayikira amathera m'nyanja. Ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay dzuwa ndi lokwanira kuyendetsa loji ya zipinda 6, bola muwerengere bwino musanagule zipangizo.

Yambani ndi magetsi amene mumagwiritsa ntchito pa tsiku. Mababu a LED 20 a mawati 5 oyaka maola 5 amadya 500Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola). Firiji imadya pafupifupi 1,200Wh, rauta ya intaneti 240Wh, pampu ya madzi ya mawati 400 yopopa ola limodzi 400Wh. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 2,400Wh. Mapanelo atatu a mawati 400 ndi batire ya lithium ya 24V 200Ah zikwanira, ngakhale kunja kutachita mitambo tsiku lathunthu.

Mapanelo ayang'ane kumpoto, opendekeka madigiri pafupifupi 15. Mthunzi wa nthambi imodzi yokha umachepetsa kwambiri mphamvu ya mzere wonse wa mapanelo. M'chilimwe atsukeni sabata iliyonse m'mamawa asanatenthe, chifukwa fumbi limatchinga dzuwa.

Chimene chimapha batire msanga ndi ketulo, simbi ndi giza. Madzi osamba atenthetseni ndi thanki ya sola ya padenga. Ngati batire ndi ya asidi, isatsike kupitirira theka.

Invata ndi chipangizo chosintha magetsi a m'batire kuti ayendetse zipangizo za m'nyumba. Invata yotumiza malipoti pa foni ndi yoyenera mtengo wake, chifukwa mumaona vuto alendo asanagone mumdima.