Pophunzitsa za ukapolo, yambani ndi amene anaukana

Aphunzitsi anzanga, mukafika pa mutu wa ukapolo musathamangire kwa William Wilberforce, phungu wa ku Britain amene ankalimbana ndi ukapolo, ndi lamulo la ku Britain la 1807 loletsa malonda a akapolo. Ana akayamba kumva zimenezo, amaganiza kuti akapolowo ankangopinda manja kudikira wina adzawamasule.

Yambani ndi eni akewo. Mu 1791 akapolo a ku Saint-Domingue anaukira eni minda ya nzimbe, ndipo mu 1804 dzikolo linakhala Haiti, lodzilamulira lokha. Mu 1839 Sengbe Pieh, wa mtundu wa Amende wa ku Sierra Leone, anatsogolera anzake kulanda sitima yapamadzi ya Amistad imene inawanyamula ngati akapolo, ndipo mu 1841 khoti lalikulu la ku America linagamula kuti anthuwo ndi mfulu.

Kenako afunseni anawo kuti, munthu wopanda mfuti angakane bwanji? Musafulumire kuwayankhira, ngakhale m'kalasi mutati zii. Mayankho amabwera: kuthawa usiku, kuthyola khasu mwadala, kunamizira kudwala, kusunga nyimbo ndi mayina akwawo.

Koma chonde, musamange ana zingwe kapena kuchita sewero la msika wa akapolo. Mwana amene "wagulitsidwa" pamaso pa anzake amapita kwawo ndi manyazi, ndipo anzakewo amamunena nazo teremu yonse.