Musanagule pulojekita ya gulu, yambani mwaona chipinda chomwe mumakumaniramo

Magulu ambiri amene ndimawayendera, kaya ndi makalabu a alimi, a banki m'khonde kapena makomiti a kumpingo, akangosunga kangachepe amaganiza zogula pulojekita, chipangizo choonetsera zithunzi pakhoma. Ganizoli ndi labwino, chifukwa mlimi akaona chinthu ndi maso ake sachiiwala msanga. Koma ndalama za gulu n'zowawa, anthu amasonkha atagulitsa mtedza ndi soya, choncho n'zomvetsa chisoni zikapita pa chipangizo chimene chidzangokhala m'katoni.

Chaka china kalabu ina inandiitana kuti ndikaphunzitse za mbozi zowononga chimanga za fall armyworm. Anali atagula kapulojekita kakang'ono kokwana m'manja, pakatoni pake palembedwa kuti kuwala kwake ndi 8000 lumens. Tinakayatsa m'kalasi ya pulayimale cha m'ma 2 koloko masana, mazenera ake ali a njerwa zoboola zija, opanda katani. Ndinkafuna aone chilembo cha Y chozondoka pamutu pa mbozi ndi timadontho tinayi takuda chakumchira. Pakhoma panangooneka chimbuuzi. Amayi a kumbuyo anayamba kusuntha kubwera kutsogolo, ndipo mapeto ake laputopu yanga ndiyo inazungulira, kuchoka m'manja mwa uyu kupita mwa uyo.

Vuto linali kuwala. Nambala imene muyenera kufunsa ndi ya ANSI lumens, chifukwa imeneyi ili ndi muyezo wodziwika. Timapulojekita totchipa tambiri timalemba nambala yaikulu popanda mawu akuti ANSI, pamene kuwala kwake kwenikweni ndi mazana awiri kapena atatu chabe. Wogulitsa akalephera kukuuzani nambala ya ANSI, atcheya, bwezani ndalama m'thumba. Ngati mumakumana masana m'chipinda cholowa dzuwa, funani ya ma ANSI lumens pafupifupi 3000. Mapulojekita wamba a muofesi a Epson, BenQ, ViewSonic ndi Optoma ambiri amafika pamenepo.

Komabe kuwala kumayenda ndi magetsi. Pulojekita ya babu yowala chotere imadya mawati pafupifupi 300, ndiye kabatire ka sola kochajira mafoni sikangaikwanitse. Imafuna magetsi a ESCOM, jenereta kapena inveta yamphamvu. Ya LED yaing'ono imadya pang'ono, zambiri sizifika n'komwe mawati 100, ndipo nyali yake imatha kukhala maola 20,000, pamene babu wamba amatha pakadutsa maola masauzande ochepa ndipo kugula wina n'kodula. Ine maganizo anga ndi akuti kumudzi kopanda magetsi ya LED siyoipa, bola gulu ligwirizane kuti zithunzi muzionera madzulo, kapena muzitchinga mazenera ndi zitenje zokhuthala ngakhale makatoni. Chimene sindifuna ndi chakuti mugule yaing'ono mukuyembekeza ntchito ya yaikulu.

Chachiwiri ndi kuoneka bwino kwa zilembo, makamaka kwa a banki m'khonde amene amafuna kuonetsa masheya ndi ngongole za mamembala. Pakatoni pakalembedwa kuti "supports 1080p", tanthauzo lake n'lakuti imalandira chithunzi choterocho, osati imachitulutsa chimodzimodzi. Funsani za native resolution, kutanthauza kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi chimene pulojekitayo imatulutsadi. Ya 800 x 600 ndi yokwana pa zithunzi ndi zilembo zikuluzikulu, koma manambala ang'onoang'ono amasokonekera, 3 amaoneka ngati 8. Ya 1024 x 768 ndi yabwinoko, ndipo ya 1280 x 800 imagwirizana ndi malaputopu ambiri a masiku ano. Pa nkhani ya ndalama za anthu, musatsike pansi pa ziwiri zomalizazi.

Onaninso mabowo a kumbuyo. Pakhale HDMI, bowo lolumikizira laputopu, ndipo ngati laputopu ya gulu ndi yakale, pakhalenso VGA, lija labuluu la timabowo 15. VGA satumiza mawu, ndipo sipika ya m'kati mwa pulojekita simveka pagulu la anthu 30, choncho ikani pabajeti sipika yapadera. Amene mukudalira foni, dziwani kuti si foni iliyonse ya USB-C imene imatulutsa chithunzi kudzera pa chingwe. Za sikirini musavutike nazo: khoma losalala lopaka laimu kapena nsalu yoyera yokokedwa bwino ndi zokwana. Mapulojekita ambiri amafuna kukhala mamita atatu kapena kupitirirapo pang'ono kuchokera pakhoma kuti chithunzi chikule mamita awiri m'lifupi, ndiye yezani chipinda chanu musanapite kutauni.

Yogwiritsidwapo kale ntchito ingakupulumutsireni ndalama, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Lowani pa menu, pezani pamene palembedwa lamp hours, muone maola amene babu wayaka. Funsani mtengo wa babu watsopano wa mtundu umenewo komanso ngati amapezeka ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu. Kenako onetsani tsamba loyera lopanda kanthu, muyang'ane ngati pali zigamba zachikasu kapena timadontho tosachoka. Kaya ndi yatsopano kaya yakale, pitani anthu awiri ndi laputopu yanu yomwe, muiyese masana chitseko chili chotsegula, mmodzi aime patali awerenge manambala mokweza. Tengani lisiti yolembedwa nthawi ya chitsimikizo.

Mukafika nayo kwanu, adani ake ndi fumbi, kutentha ndi magetsi obwera mwamphamvu akangoyaka pambuyo pothima. Gulani soketi yoteteza zipangizo ku magetsi otere. Musaike pulojekita pansi kapena pa nsalu yotseka mabowo a mpweya, iikeni patebulo. Mukamaliza msonkhano, thimitsani ndi batani lake, mudikire fani isiye kulira, kenako muzule pulagi. Ya babu musainyamule ikadali yotentha. M'miyezi ya fumbi, kuyambira August mpaka mvula itagwa, ngati ili ndi kasefa ka fumbi, tsegulani muzikapukuta kawirikawiri. Babu akatha musamutaye padzala pomwe ana amasewera, muli mercury, amene ndi poizoni. Sankhani munthu mmodzi woisunga m'chikwama chake pamodzi ndi zingwe ndi rimoti, ndipo aliyense woibwereka azisaina m'kope la gulu.