Momwe mungakanire ganizo la mnzanu pagulu popanda kumuchotsa ulemu

Gulu la alimi kapena la village banking likhoza kupasuka popanda munthu kuba ngakhale ngwee imodzi. Limapasuka ndi kakanidwe. Wina wabweretsa ganizo, anzake angoti "ayi" akuyang'ana pansi, iye n'kubwerera kwawo osadziwa chomwe chalakwika, ndipo mwezi wotsatira mpando wake uli wopanda munthu. Kukana n'kololedwa ndithu. M'makoperetivu, kuyambira pa oyambitsa a ku Rochdale ku England mu 1844, membala aliyense ali ndi voti imodzi kaya masheya ake ndi angati. Koma "ayi" wopanda chifukwa saphunzitsa munthu kanthu.

Tiyerekeze kuti ndi mwezi wa Meyi, gulu lanu lili kufupi ndi msewu wa Great East pakati pa Chipata ndi Katete, ndipo bambo wina akuti chimanga chonse cha gulu chigulitsidwe lero kwa wogula amene waimika galimoto ndi sikelo yake pamsewu. Inu simukugwirizana nazo.

Choyamba, dzifunseni ngati mukukana ganizolo kapena mwini wake. Likanachokera kwa mnzanu wapamtima, mukanalikanabe? Ngati chikukuwawani ndi ng'ombe zake zomwe zinadya mtedza wanu chaka chatha, nkhaniyo ndi ya kwa amfumu. Musabwere nayo pamsonkhano.

Chachiwiri, funsani musanatsutse. "Bambo wapampando, ndifunseko. Achimwenewa akutanthauza matumba onse, kapena ena okha?" Nthawi zina mupeza kuti munamva theka, mkangano n'kuthera pomwepo.

Chachitatu, ndipo apa ndiye pagona nkhani, perekani chifukwa choti munthu akhoza kuchigwira m'manja. "Zimenezo n'zopanda nzeru" ndi chipongwe chabe. Nenani kuti chimanga cha mu Meyi nthawi zambiri chimakhala chisanaumitsitse, kuti a FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga, amafuna chinyezi chisapitirire 12.5 peresenti, ndipo wogula wa pamsewu amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amatsitsa mtengo. Nenani kuti palibe m'gulu amene wayesa sikelo yakeyo ndi thumba lodziwika la makilogalamu 50. Pamenepo mwapatsa mnzanu chinthu choti ayankhe, ndipo akhoza kukuyankhani bwino n'kukugonjetsani, zomwenso si zoipa. Kumbukiraninso kuti amene akufulumira kugulitsa sikuti wapenga. Mwina aganyu okolola akumudikira pakhomo, kapena ngongole ya feteleza yamufika pakhosi. Mukatseka khomo lake, mutsegulireni lina: "Bwanji tigulitse matumba ochepa olipirira aganyu, otsalawo tiyanike, tiike mankhwala a anankafumbwe, tidikire?" Munthu amene wapatsidwa njira ina sachoka ali wamanyazi.

Chachinayi, siyanitsani za pagulu ndi za pambali. Mayi msungichuma akaphonya kuwonkhetsa m'buku, pitani kwa iwo msonkhano usanayambe: "Amayi, tawerengeraninso apa, mwina maso anga ndi amene andinamiza." Akakonza okha, zatha. Koma ndalama za gulu zikasowadi, nkhaniyo ifike pamaso pa onse, ngakhale wosunga bukuyo akhale apongozi anu. Kwa munthu wamkulu, mawu adzere kwa wapampando, osamuloza chala, osamudula pakamwa. Ndipo nthabwala zonyozana zija zisiyeni kaye. Chimbuya cha Angoni ndi Abemba chimakoma pamaliro ndi pa Nc'wala ku Mtenguleni, koma pokambirana ngongole ya munthu, chomwe inu mukuchitcha nthabwala iye amapita nacho kunyumba.

Chachisanu ndi voti yeniyeniyo. Zifukwa zonse zinenedwe manja asanakwezedwe. Pa nkhani ya mtengo kapena tsiku logulitsa, kukweza manja kumakwana. Pa nkhani yokhudza munthu, monga kumubwereka ndalama kapena kumuchotsa pa udindo, mwini wake ayambe watuluka, ena avote pa timapepala topinda. Amene salemba apatsidwe njere ya chimanga ndi ya nyemba, imodzi ya "inde" ina ya "ayi", aponye imodzi m'chitini. Mlembi alembe chiwerengero ndi chifukwa chachikulu chokanira, kuti wokanidwayo adziwe choti akonze: kodi ndi ngongole yakale yosamaliza, kapena ndalama yomwe wapempha yaposa masheya ake?

Magulu ena tsopano amavota pa WhatsApp. Dziwani kuti voti ya pamenepo imaonetsa dzina la aliyense ndi mbali yomwe wasankha, choncho si malo oweruzira munthu. Ndipo kachala koloza pansi koponyedwa usiku pa uthenga wa mnzanu, popanda liwu lililonse, ine ndimakaona ngati ulesi. Ngati muli ndi bandulo yoponyera kachalako, muli nayonso yojambulira mawu a theka la mphindi onena chifukwa.

Mukagonja pavoti, tsatirani zomwe gulu lagamula. Osapita ku msika wa Kapata kukauza aliyense kuti gulu lanu ndi la anthu ogona. Pemphani mlembi alembe kuti munakana ndi chifukwa chake, ndiponso kuti nkhaniyo idzaunikidwenso pamsonkhano wotsatira malonda akatha, pomwe malisiti ndi kulemera kwa matumba zidzakhala pa tebulo. Ngati wokanidwa ndinu, funsani funso limodzi musanachoke: "Ndisinthe chiyani kuti ndidzabwere nalonso?" Wapampando aonetsetse kuti mwayankhidwa tsiku lomwelo, anthu asanabalalike.