Kuulutsa pa Matchanelo a Wi-Fi ndi Laisensi ya Amateur Radio

Ku United States, rauta imodzi imatha kuyendera malamulo awiri a bungwe la FCC, loyang'anira za mauthenga m'dzikolo. Monga inachokera kusitolo, imatsatira gawo la malamulowa lotchedwa Part 15: laisensi sifunika, koma pa 2.4 GHz mphamvu isapitirire 1 W. Amene ali ndi laisensi ya amateur (ya anthu oulutsa pa wailesi mongokonda, osati mwa malonda), ngakhale yoyambira ya Technician, akhoza kuiyendetsa ndi Part 97, malamulo a amateur, n'kuwonjezera mphamvu komanso kuika eriyo yaikulu.

Yambani ndi tchanelo. Gawo la amateur lopezana ndi Wi-Fi ndi 2390 mpaka 2450 MHz, ndiye matchanelo 1 mpaka 6 okha ndi amene amakwanamo. Tchanelo 7, chapakati pake pali 2442 MHz, koma m'mphepete chimadutsa malire. Ambiri amaika pulogalamu ya AREDN, yopangira netiweki ya amateur, pa zipangizo za Ubiquiti kapena MikroTik n'kutsikira ku tchanelo -2, pa 2397 MHz, kumene marauta a m'nyumba safika. Pa 5 GHz gawo la amateur ndi 5650 mpaka 5925 MHz.

Pamene anthu amagwa kwambiri ndi pa zodutsa pa netiwekiyo. Ndime 97.113 ya Part 97 imaletsa uthenga wobisidwa dala tanthauzo lake, nyimbo, ndiponso zamalonda zopindulira mwini siteshoni kapena abwana ake. Choncho zimitsani WPA2 ndi VPN, njira zimene zimabisa uthenga. Kulumikiza netiwekiyi ku intaneti ya kunyumba popanda chotchinga n'kudziputira mlandu, chifukwa masamba ambiri masiku ano ndi a HTTPS, njira inanso yobisa uthenga, ndipo foni imayamba yokha kukoka maimelo ndi zotsatsa malonda mwiniwake asakudziwa. Wotseka pakhomo ndi inuyo, chifukwa callsign, dzina la siteshoni lolembedwa pa laisensi, ndi yanu.

Callsignyo izimveka pa mphindi 10 zilizonse komanso pomaliza. Pa AREDN mumailemba m'dzina la node, kutanthauza chipangizo chanu pa netiwekiyo, icho n'kumailengeza chokha. Mphamvu ya spread spectrum (kuulutsa komwaza uthenga pa mafunde ambiri) isapitirire 10 W, ngakhale kunena zoona eriyo ya dishi yolozetsa bwino imathandiza kuposa amplifaya. Musaime kutsogolo kwa dishi ikamaulutsa.

Malawi ndi Zambia ali mu Region 1 ya ITU, bungwe la padziko lonse logawa mafunde a wailesi, kumene amateur amapatsidwa 2300 mpaka 2450 MHz ngati wachiwiri, kutanthauza kuti sayenera kusokoneza eni gawo. Part 97 ilibe ntchito kuno. Werengani zimene MACRA (ku Malawi) kapena ZICTA (ku Zambia) yalemba pa laisensi yanu. Pewaninso 2400 mpaka 2410 MHz, poti ndi pamene anzanu amatumizira mawu ndi zithunzi ku setilaiti ya QO-100.